Kachizindikiro ka mphindi zochepa komwe kamaumba thupi: ma histone, acetyl ndi kukula kwa mluza

Mwana wobadwa ndi matenda a sickle cell kawirikawiri sadwala m'miyezi yake yoyambirira. Amayamwa bwino, kusikelo akukwera ngati anzake, mayi osaona chachilendo. Akamafika miyezi 6 kapena kupitirirapo m'pamene timanja ndi timapazi timayamba kutupa, mwana kulira osatonthola, magazi n'kumachepa. Chonsecho jini yolakwikayo (jini ndi kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteni) anali nayo kuyambira tsiku lomwe mimba inaima, ndipo palibe chilembo cha DNA chomwe chasintha m'miyezi imeneyi. Chasintha ndi jini imene maselo ake opanga magazi akuwerenga. Ali m'mimba ankawerenga majini a gamma-globin n'kumapanga hemoglobin ya mwana wosabadwa, yotchedwa HbF, yomwe siipinda maselo ofiira ngati chikwakwa. Atabadwa majini amenewo amatsekedwa pang'onopang'ono, ndipo jini ya beta-globin, yoyandikana nawo pa chromosome 11 (umodzi mwa mitolo ya DNA m'selo), ndiyo imalowa m'malo. Vuto la sickle cell lili mu jini imeneyi.

Kutsegula ndi kutseka majini kotereku kumayamba dzira likangokumana ndi umuna. Munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, ndipo selo la mu ubongo ndi la m'chiwindi onse anasenza majini omwewo, kusiyana kwake n'kwakuti lililonse limawerenga ake. Imodzi mwa njira zazikulu zomwe selo limachitira zimenezi ndi kumata ndi kumatula kagulu kakang'ono ka maatomu kotchedwa acetyl pa mapuloteni omwe DNA inakulungidwapo. Pamalo ambiri kachizindikiro aka sikakhalitsa, pasanathe theka la ola kamakhala katachotsedwa, kena n'kumatidwanso. Koma zomwe kamachititsa pa mluza, kaya ndi maumbidwe a chala, a msana kapena a mtima, munthu amapita nazo kumanda.

Ulusi ndi mabobini ake

DNA ya m'selo limodzi la munthu itatambasulidwa imatalika pafupifupi mamita 2. Kachipinda komwe imakhalamo, nucleus, n'kotambalala ma micrometre 5 mpaka 10, pomwe micrometre imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Kuti ikwanemo osapiringizika, DNA imakulungidwa ngati ulusi wa telala pa mabobini. Bobini iliyonse ndi mapuloteni 8 otchedwa ma histone: H2A, H2B, H3 ndi H4, awiriawiri. Zilembo 147 za DNA zimazungulira bobiniyo kamodzi ndi kupitirirako theka, kenaka ulusi umadumphira pa bobini ina. Bobini pamodzi ndi ulusi wake imatchedwa nucleosome, ndipo selo limodzi lili nawo pafupifupi 30 miliyoni. Roger Kornberg ndiye anafotokoza kamangidwe aka mu 1974, ndipo mu 1997 Karolin Luger ndi Timothy Richmond ku Zurich anaonetsa maonekedwe ake atomu ndi atomu.

Histone iliyonse ili ndi kamchira kotulukira kunja kwa bobini, ndipo pa michira imeneyi pali amino acid yotchedwa lysine yambirimbiri, imene polemba mwachidule amaiika K. Mukaona H3K27ac, tanthauzo lake ndi ili: histone H3, lysine ya nambala 27 kuwerenga kuchokera kunsonga kwa mchira, yamatidwa acetyl. Lysine ili ndi mphamvu ya magetsi ya positive, DNA ili ndi ya negative chifukwa cha phosphate yake, choncho ziwirizi zimakokana ndipo ulusi umagwira bobini zolimba. Acetyl ikamatidwa pa lysine, mphamvu ya positive ija imazima.

Apa pamachitika zinthu ziwiri, ndipo mabuku ambiri a kusukulu amangotchula choyamba. Choyambacho n'chakuti mkulungo umakhwefuka. Malo odziwika bwino pa izi ndi H4K16: mchira wa H4 umagwira bobini yoyandikana nayo n'kuikokera pafupi, ndipo acetyl imodzi yokha pa lysine 16 imalepheretsa mabobini kuunjikana. Chachiwiri, chomwe pa majini ambiri ndicho chachikulu, n'chakuti lysine yomatidwa acetyl imasanduka pogwirira. Pali kachigawo ka puloteni kotchedwa bromodomain komwe kali ndi kamphako kokwana lysine ya acetyl basi, ndipo mwa munthu mapuloteni 46 ali nako. Ena mwa iwo ndi makina osuntha mabobini kuti DNA ionekere. Ina ndi BRD4, imene ikagwira imakoka enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito inayake m'selo) yotchedwa P-TEFb. Ntchito ya P-TEFb ndi kumasula RNA polymerase II, makina okopera jini, omwe kawirikawiri amayamba ulendo n'kuima atangoyenda zilembo makumi angapo. Majini ambiri oyendetsa kukula kwa mluza amakhala choncho, makina ali kale pamzere, kungodikira chilolezo.

Ganizo loti acetyl imakhudza kuwerengedwa kwa majini analitulutsa ndi Vincent Allfrey ndi anzake ku Rockefeller Institute ku New York mu 1964. Panapita zaka 32 ma enzyme ake asanagwidwe m'manja. M'zaka za m'ma 1980 Michael Grunstein anaonetsa pa yisiti kuti kudula michira ya ma histone kumasokoneza majini. Kenaka mu 1996 gulu la David Allis linapeza enzyme yomata acetyl mu kachilombo ka m'madzi kotchedwa Tetrahymena, ndipo inapezeka kuti ndi m'bale wa Gcn5, puloteni ya yisiti yomwe inali yodziwika kale kuti imatsegula majini. Chaka chomwecho gulu la Stuart Schreiber ku Harvard linapeza enzyme yomatula, HDAC1, nayonso m'bale wa puloteni ya yisiti yotseka majini. Mbali ziwirizi zitakumana, kukayikira kunatha.

Omata amatchedwa ma HAT. Amatenga acetyl kuchokera ku acetyl-CoA, chinthu chomwe selo limapanga pogaya shuga ndi mafuta. Odziwika kwambiri pa kukula kwa mluza ndi p300 ndi mnzake wofanana naye CBP, kenaka GCN5, ndi banja la MYST momwe muli MOZ ndi MOF. Omatula ndi ma HDAC, ndipo munthu ali nawo 18: okwana 11 amagwira ntchito ndi zinc, 7 otsalawo, ma sirtuin, amadalira NAD, chinthu chomwe selo limagwiritsa ntchito pogaya chakudya.

Amawauza ndani pomata?

Funso ili ndilo phata la nkhani yonse. HAT kapena HDAC payokha sidziwa kuti jini yakuti ili pati. Omwe amawerenga zilembo za DNA ndi mapuloteni ena, ma transcription factor, ndipo iwowa ndiwo amaitana womata kapena womatula kuti abwere pamalo akutiakuti. Nthawi zambiri malowo sakhala pa jini penipeni koma pa kachidutswa ka DNA kotchedwa enhancer, komwe kangakhale patali ndi zilembo masauzande ambiri, ulusi n'kupindika kuti kakumane ndi jiniyo.

Chitsanzo chooneka bwino ndi retinoic acid, yomwe mluza umapanga kuchokera ku vitamini A. Imapangidwa kwambiri chapakati pa thupi la mluza ndi enzyme ya RALDH2, ndipo kumutu ndi kumchira imaphwanyidwa ndi ma enzyme a CYP26, choncho kuchuluka kwake kumasiyana malo ndi malo. Puloteni yoilandira, RAR, imakhala kale pa DNA retinoic acid isanabwere, ndipo sikhala chabe ayi: imagwira gulu la NCoR kapena SMRT, lomwe limanyamula HDAC3. HDAC3 imamatula acetyl iliyonse yomwe yamatidwa pafupi, jini n'kukhala chete. Retinoic acid ikalowa m'kamphako ka RAR, kachigawo kamodzi ka puloteniyo kamapindika ngati chivundikiro. Pogwirira pa NCoR pamatsekeka, gulu lija n'kuchoka, ndipo pamatseguka pogwirira pena pomwe pamabwera mapuloteni okoka p300 ndi CBP. Michira ya H3 ndi H4 imamatidwa acetyl, a bromodomain amafika, jini imayamba kukoperedwa. Puloteni ndi imodzimodzi, malo ndi omwewo, changosintha ndi mlendo amene yamuitana.

Ena mwa majini oyamba kuyankha ndi a Hox, omwe mwa munthu ndi mbewa alipo 39 m'magulu 4. Majini amenewa ndiwo amauza chigawo chilichonse cha thupi kuti chikhale khosi, chifuwa kapena chiuno. Mu 2009 Anne Voss ndi anzake ku Melbourne anaonetsa kuti miluza ya mbewa yopanda MOZ imakhala ndi acetyl yochepa pa H3K9 m'magulu a Hox, malire a majiniwo amasunthira kumbuyo, ndipo mafupa a msana amaumbika ngati a chigawo cha kutsogolo kwake. Acetyl ya H3K9 m'mluza wonse sinachepe kwenikweni, inachepa pa Hox. Atawonjezera retinoic acid, vutolo linabwerera m'malo. Kuchuluka kwa retinoic acid kukapitirira muyezo nakonso n'koopsa, n'chifukwa chake mankhwala a ziphuphu otchedwa isotretinoin, omwe ndi mtundu wa retinoic acid, saperekedwa kwa mayi woyembekezera.

Hormone ya chithokomiro imayenda njira yomweyi. Aliyense amene anaonapo mbululu pachithaphwi ikumera miyendo, mchira n'kumafota, anaona HDAC3 ikuchoka ndipo p300 ikufika. Pa chule wa ku Africa wotchedwa Xenopus, puloteni yolandira hormone imakhalapo kale mbululu ikadali yaing'ono, itagwira NCoR ndi HDAC3, n'kumatsekereza majini a uchule kufikira chithokomiro chitayamba ntchito. Mwa munthu, ubongo wa mwana wosabadwa umafuna hormone yomweyi, ndipo m'miyezi yoyamba umadalira ya mayi. Ayodini akasowa, hormone imachepa, ndipo puloteni yolandira imatsala pa DNA ikupondereza majini mwamphamvu. Pa mbewa zinaoneka kuti kusowa hormone kumawononga kwambiri kuposa kusowa puloteni yolandirayo, chifukwa pomwe palibe puloteni palibenso woitana HDAC3. Mchere wa ayodini wa m'golosale uja ntchito yake imakafika mpaka pa michira ya ma histone.

Lysine imodzi, eni ake awiri

Lysine 27 ya H3 ingamatidwe acetyl kapena methyl (kagulu kena kakang'ono ka maatomu), koma osati zonse pa nthawi imodzi. Acetyl amamata ndi p300 ndi CBP, ndipo mu 2010 ndi 2011 magulu awiri a ofufuza ku America anaonetsa kuti H3K27ac ndiyo imasiyanitsa enhancer yomwe ikugwira ntchito ndi yomwe ikungodikira. Methyl zitatu pamalo omwewo amamata ndi gulu la Polycomb lotchedwa PRC2, ndipo zimatseka jini. M'maselo a mluza omwe sanasankhe chomwe adzakhale, majini ambiri oyendetsa kukula amakhala ndi chizindikiro chotseka pa K27 pamodzi ndi chotsegula pa K4, okonzeka kupita kulikonse. Selo likasankha kukhala la minyewa ya ubongo, majini a ubongo amataya methyl ya K27 n'kulandira acetyl, pomwe a mtima ndi a mafupa amatsala otsekedwa.

Apa m'pomwe timaona momwe chinthu chosakhalitsa chimasiyira zotsatira zokhalitsa. Acetyl payokha si chikumbumtima cha selo. Ntchito yake ndi kusunga khomo lotsegula pa nthawi yoyenera, kuti jini ipange puloteni yake, puloteniyo n'kutsegula majini ena, ndipo kawirikawiri n'kubwereranso kudzalimbikitsa enhancer yake yomwe. Kumbali yotseka, kumatula acetyl kumabwera koyamba, maloko olimba n'kutsatira pambuyo.

Chromosome X ya mkazi imaonetsa ndondomeko imeneyi poyera. Mkazi ali ndi ma X awiri, ndipo monga ananenera Mary Lyon mu 1961, selo lililonse limatseka imodzi mluza ukadali wamng'ono. Mu 1993 Peter Jeppesen ndi Bryan Turner anaona kuti X yotsekedwayo ilibe pafupifupi acetyl pa H4, moti pa maikulosikopu imaoneka yakuda pakati pa zinzake zowala. Lero tikudziwa kuti RNA (kope lomwe selo limatenga pa jini) yaitali yotchedwa Xist imakuta chromosome yonseyo, imagwira puloteni ya SPEN, SPEN n'kudzutsa HDAC3. Kuchoka kwa H3K27ac kuli m'gulu la zoyamba kuchitika, methyl ya Polycomb imaunjikana pambuyo, ndipo methyl ya pa DNA yeniyeniyo imabwera kumapeto kudzakhoma msomali. Ntchentche za zipatso zotchedwa Drosophila zinatenga njira yosiyana: m'malo motseka X imodzi ya yaikazi, zimachulukitsa pafupifupi kawiri ntchito ya X imodzi ya yaimuna, ndipo amene amachita izi ndi MOF pomata H4K16. Zazimuna zopanda MOF zimafa.

Funso la mwana wa sickle cell uja yankho lake lili pomwepa. Mu 2008 Vijay Sankaran ndi Stuart Orkin ku Boston anaonetsa kuti puloteni yotseka gamma-globin ndi BCL11A. Imakhala pa chiyambi cha majiniwo n'kuitana gulu la NuRD, momwe muli HDAC1, HDAC2 ndi makina osuntha mabobini. HbF, yomwe pobadwa ndiyo imachuluka m'magazi, mwa wamkulu imatsika kufika pansi pa 1 peresenti. Anthu ena amabadwa ndi kusintha kwa zilembo pomwe BCL11A imagwira, HbF yawo siitsika, ndipo akakhalanso ndi sickle cell matendawo amakhala opepuka. M'zaka za m'ma 1990 madokotala anayesa butyrate, yemwe amafooketsa ma HDAC, ndipo HbF inakweradi mwa odwala ena, koma mankhwalawo ankafuna dilipi ya maola ambiri, sankakhalitsa m'magazi, komanso akaperekedwa mosalekeza ankabweza kukula kwa maselo a magazi omwewo. Hydroxyurea, yemwe amagwiritsidwa ntchito lero, amakweza HbF kudzera njira ina. Casgevy, chithandizo chomwe Britain inavomereza mu November 2023 ndipo America mu December 2023, chimadula enhancer imodzi ya BCL11A yomwe imagwira ntchito m'maselo a magazi okha. Woitana NuRD akachepa, gamma-globin imadzukanso. Mtengo wake ndi woposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi, pomwe ana ambiri obadwa ndi matendawa ali kuno ku Africa.

Masiku oyambirira

Umuna ukamakhwima, ma histone ake ambiri amachotsedwa, m'malo mwake mumalowa timapuloteni totchedwa protamine tomwe timafinya DNA kwambiri. Kuti achoke, H4 imayamba yamatidwa acetyl yochuluka, ndipo puloteni ya bromodomain yopezeka m'machende mokha, BRDT, imathandiza kuwazula. Dzira likalandira umunawo limachotsa protamine n'kubwezeretsa ma histone ake. Kwa kanthawi mluza umayendera RNA ndi mapuloteni omwe mayi anasiya m'dzira, majini ake ali chete. Mbewa imayamba kuwerenga majini akeake ili ndi maselo 2, munthu ali ndi maselo 4 mpaka 8, nsomba ya zebrafish patatha maola pafupifupi 3 ili ndi maselo ngati 1,000. Mu 2019 gulu la Antonio Giraldez ku Yale linaonetsa pa zebrafish kuti kutsekereza p300 kapena BRD4 kumalepheretsa kudzuka kumeneku, ndipo kuwawonjezera kumakufulumizitsa.

Opanga nyama kuchokera ku selo la nyama yaikulu anakumana ndi khoma lomweli, chifukwa nucleus ya selo lokhwima imafika m'dzira ndi maloko ake. Mu 2006 ofufuza a ku Japan anapeza kuti kuviika mazira a mbewa kwa maola ochepa mu trichostatin A, mankhwala ofooketsa ma HDAC, kumachulukitsa omwe amakula. Anyani awiri, Zhong Zhong ndi Hua Hua, omwe analengezedwa ku Shanghai mu January 2018, anapangidwa ndi trichostatin A pamodzi ndi enzyme yochotsa methyl pa H3K9.

Muyezo ndi nthawi

Kunena kuti HAT ndi wabwino ndipo HDAC ndi woipa ndi kulakwitsa kwakukulu. Mluza umafuna onse. Mbewa zopanda p300 zimafa pakati pa tsiku la 9 ndi la 11 la bere la masiku pafupifupi 20, mtima ndi mtsempha wa msana zisanaumbike bwino. Zopanda HDAC1 zimafa lisanakwane tsiku la 11 chifukwa maselo sachulukana mokwanira. Zopanda MOF sizipitirira nthawi yokhazikika m'chiberekero. Ndipo pomwe ofufuza anayang'ana DNA yonse, anapeza ma HDAC ambiri atakhala pa majini omwe akugwira ntchito, limodzi ndi ma HAT, akupukuta kuti jini ithe kuzimitsidwa msanga uthenga ukasiya kubwera.

HDAC4 imaonetsa ubwino wa buleki. Mafupa aatali amayamba ngati fupa lofewa, lija ena amati chicherewecherewe, ndipo maselo ake ayenera kuchulukana kaye asanakhwime. HDAC4 imagwira RUNX2 ndi MEF2C, mapuloteni okhwimitsa, kuti asafulumire. Mbewa zopanda HDAC4 mafupa ake amauma nthawi isanakwane, nthiti kulephera kutambasuka, ndipo zimafa m'masiku oyamba zitabadwa. Anthu omwe anataya kachigawo ka chromosome 2 komwe kuli jini imeneyi ambiri amakhala ndi mafupa aafupi a m'manja ndi m'mapazi. HDAC4 ndi abale ake 5, 7 ndi 9 amayendetsedwa powatulutsa m'nucleus: calcium ikakwera m'selo la mnofu, amamatidwa phosphate, amanyamulidwa kupita kunja, MEF2 n'kutsala womasuka kuitana p300.

Mwa munthu, ngakhale theka la muyezo silikwana. Matenda a Rubinstein-Taybi, omwe anafotokozedwa mu 1963, amagwira mwana mmodzi pa 100,000 mpaka 125,000. Ana ake amakhala ndi zala zazikulu za kumanja ndi kumapazi zotambalala, msinkhu waufupi, mutu waung'ono ndi kuvutika kuphunzira. Mu 1995 zinadziwika kuti vutoli limachokera ku jini ya CBP pa chromosome 16; lero tikudziwa kuti oposa theka ali ndi imodzi mwa makope awiri a jiniyi yowonongeka, ndipo ochepa ali ndi vuto lomwelo pa p300. Kope inayo ndi yabwinobwino, koma ma transcription factor mazanamazana amalimbirana CBP yochepa yomweyo, ndipo ma enhancer ena amaperewera pa nthawi yomwe chala kapena ubongo zikuumbika. Pa mbewa, kuchotsa kope imodzi ya CBP ndi imodzi ya p300 pamodzi kumapha mluza, kusonyeza kuti chofunika ndi kuchuluka kwa awiriwa pamodzi. Chenjezo n'lakuti ma enzyme amenewa samata ndi kumatula ma histone okha. Ana ena a matenda a Cornelia de Lange ali ndi vuto pa HDAC8, koma puloteni yomwe yakhudzidwa kwenikweni ndi SMC3, mbali ya mphete yogwira ulusi wa DNA.

Momwe amayezera, ndi pomwe anthu amapunthwa

Njira yakale yodalirika ndi ChIP-seq. Maselo amaviikidwa mu formaldehyde wa 1 peresenti kwa mphindi pafupifupi 10 kuti mapuloteni amamatire pomwe ali pa DNA, kenaka amathiramo glycine kuti kumamatirako kuime. DNA imaduladulidwa ndi makina a phokoso kufika zidutswa za zilembo 200 mpaka 500. Amathira antibody, puloteni yozindikira chinthu chimodzi, yogwira H3K27ac yokha, amaikoka ndi timikanda ta maginito, amatsuka, amatenthetsa pa madigiri 65 kwa maola angapo kuti mapuloteni asiye DNA, ndipo zidutswazo zimawerengedwa. Gawo lina la DNA limapatulidwa antibody isanalowe, kuti likhale poyerekezera.

Zolakwika zodziwika ndi izi. Formaldehyde akakhalitsa, DNA siduka bwino ndipo antibody imalephera kufika. Ma HDAC amapitiriza ntchito selo litasweka, choncho pogwira maselo osaviikidwa mu formaldehyde amathira sodium butyrate wa mamilimola 5 mpaka 10, apo ayi chizindikirocho chimathera m'chubu. Ma antibody ena amagwiranso lysine zoyandikana, ndipo botolo lililonse latsopano liyenera kuyesedwa. Mankhwala akakweza acetyl paliponse, makompyuta amafananitsa ziwerengero n'kubisa kusinthako, pokhapokha mutathiramo muyezo wodziwika wa DNA ya nyama ina monga Drosophila. Vuto lalikulu pa miluza ndi kuchepa kwa maselo, popeza ChIP-seq wamba imafuna mamiliyoni. Njira ina, CUT&Tag, yomwe gulu la Steven Henikoff ku Seattle linatulutsa mu 2019, imatheka ndi masauzande ochepa. Ndipo mukagaya mluza wonse pamodzi mumapeza chisakanizo cha maselo osiyanasiyana, kusintha kwa pa Hox ngati kuja kwa MOZ n'kusowa m'chigulu.

Kupeza H3K27ac pa jini yogwira ntchito sikutsimikiza kuti ndiyo yaitsegula. Mu 2015 gulu la Charles Gersbach ku Duke linamangirira mbali yomata ya p300 ku Cas9, puloteni yomwe imatumizika pamalo osankhidwa a DNA, koma itachotsedwa mphamvu yodula, n'kuitumiza pa enhancer imodzi, ndipo jini inadzuka, pomwe p300 yophedwa mphamvu sinachite kanthu. Umenewu ndi umboni woti kumata acetyl kumatsegula. Koma ofufuza ena atasintha lysine 27 ya H3 m'maselo a mluza wa mbewa kuti isamatidwe chilichonse, ma enhancer ambiri anapitiriza kugwira ntchito, ndipo chomwe chinasokonekera kwambiri ndi kutseka kwa Polycomb. Zimenezi sizitsutsana. p300 imamata lysine zambiri pa H3, H4 ndi H2B, ngakhale pa ma transcription factor eniake, ndiye imodzi ikasowa zinzake zimanyamula katundu. H3K27ac ndi chikwangwani chabwino chosonyeza pomwe p300 ikugwira ntchito, koma amene amalemba ngati kuti ndiyo yokha batani loyatsira akupitirira pomwe umboni wafika.

Mankhwala a khunyu ndi masabata anayi oyamba

Sodium valproate ndi mankhwala amphamvu a khunyu, amene amaperekedwanso pa matenda ena a maganizo, ndipo apulumutsa anthu ambiri. Mu 2001 magulu awiri a ofufuza anapeza kuti amafooketsa ma HDAC, makamaka a gulu la HDAC1, HDAC2 ndi HDAC3, pa muyezo womwewo umene umapezeka m'magazi a wodwala. Pa miluza ya chule ndi ya zebrafish, valproate ndi trichostatin A anabweretsa zilema zofanana, pomwe valpromide, wofanana naye kapangidwe koma wosakhudza ma HDAC, sanatero. Ma HDAC akafooka, majini omwe anayenera kukhala chete pamalo akutiakuti amayankhula, kuphatikizapo a Hox.

Mtsempha womwe umadzakhala ubongo ndi msana umayamba ngati kambale kafulati. M'mbali mwake mumakwera n'kukumana pamwamba ngati zipi, kuyambira cha pa tsiku la 22 kuchokera pomwe dzira linakumana ndi umuna. Kumutu kumatsekeka cha pa tsiku la 25, kumunsi cha pa tsiku la 28. Apa mayi amakhala atangodumpha msambo ndi masabata awiri, ambiri asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Kumunsi kukapanda kutsekeka mwana amabadwa ndi spina bifida, chotupa pamsana chomwe chingapuwalitse miyendo ndi chikhodzodzo. Mwa ana omwe amayi awo ankamwa valproate ali oyembekezera, 1 kapena 2 pa 100 amabadwa ndi vuto limeneli, pafupifupi 10 pa 100 amabadwa ndi chilema chachikulu cha mtundu wina uliwonse poyerekeza ndi 2 kapena 3 pa 100 mwa ana ena, ndipo 30 mpaka 40 pa 100 amachedwa kuyenda, kuyankhula kapena kuphunzira. Chiopsezo chimakula ndi kuchuluka kwa mankhwala. Popeza ubongo umakula mimba yonse, kupyola mwezi woyamba sikutanthauza kuti zatha. Folic acid ndi wofunika kwa mayi aliyense ndipo ayenera kuyambidwa mimba isanaime, koma sachotsa chiopsezo chonse cha valproate.

Mowa nawo umafika pamalo omwewa kudzera khomo lina. Chiwindi chimausandutsa acetate, ndipo mu 2019 gulu la Shelley Berger ku Philadelphia linaonetsa pa mbewa za bere kuti acetate imeneyi imakamatidwa pa ma histone a mu ubongo wa ana omwe ali m'mimba.

Ku Britain, kuyambira 2018, valproate saperekedwa kwa mtsikana kapena mayi yemwe angatenge pakati pokhapokha ali pa ndondomeko yolera yovomerezeka. Mayi amene akumwa mankhwalawa asawasiye payekha, chifukwa kukomoka kwa khunyu kungaphe iye ndi mwana yemwe. Nthawi yokambirana ndi adokotala ndi miyezi ingapo asanaganize zotenga pakati, kuti ngati n'kotheka asinthidwe pang'onopang'ono kupita ku mankhwala a chiopsezo chochepa monga lamotrigine kapena levetiracetam, kapena muyezo utsitsidwe kufika pochepetsetsa pomwe khunyu ikugonjabe. Carbamazepine ndi phenobarbital, omwe amapezeka kwambiri m'zipatala za kuno, nawonso ali ndi chiopsezo chawo, ngakhale n'chochepa poyerekeza ndi cha valproate. Amene wazindikira kuti ali kale ndi pakati apite kuchipatala sabata yomweyo, apitirize kumwa mankhwala kufikira ataonana ndi adokotala, ndipo apemphe sikani yoyang'ana msana ndi mtima wa mwana cha pa masabata 18 mpaka 22.